Kompyuta imene inkakomoka masana

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anapeza ntchito m'sitolo ina pa Boma, ine ndinkagulitsa mtedza wokazinga pakhonde la sitolo yomweyo. Mwamuna wake anali atamwalira ku esiteti ya fodya n'kumusiyira ana awiri, ndiye ntchito imeneyi ndi imene inkatidyetsa tonse. Ankataipa makalata a anthu pa kompyuta, ofunsira ntchito, a maukwati, a amalonda opita ku Chipata. Mwini sitolo anali mphunzitsi wopuma, munthu wabwino ndithu, koma wa mtima wapachala.

Kunja kutayamba kutentha, chimakina chija chinayamba kukomoka. Munthu ali pakati pa kalata, galasi n'kuchita buluu, kenaka zii, zonse walembazo zapita. Abwana anayamba ndi kunena magetsi, nagula kabokosi koteteza. Sizinasinthe. Anaitana bambo wina wokonza wa ku Lilongwe. Anafika ndi minibasi yam'mawa, nati muli mavairasi, nawachotsa, chinthu n'kumayenda bwinobwino iwo ali pomwepo. Dzuwa lisanafike paliwombo anali atabwerera. Masana ake, zii.

“Ndiye kuti vuto ndi manja ako,” abwana anamuuza mwana wanga ine ndikumva. “Pali chimene umadina. Likafika Loweruka zili chonchi, ndipeza wina.”

Ine zilembo sindidziwa, koma ndalera ana asanu ndi mmodzi. Mwana akamadwaladwala sufunsa kuti walakwa ndani, umafunsa kuti thupi limatentha nthawi yanji. Ndinayamba kuyang'anira ndili pa mtedza wanga. Lolemba chinakomoka mthunzi wa denga utafika pa sitepe yachiwiri. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu kunachita mitambo ndi kamphepo, chinagwira ntchito mpaka kuweruka.

Lachinayi dzuwa linabwerera, ndipo nditamva mwana wanga akudandaula m'katimo ndinalowa. Bokosi la kompyuta linali pansi pa tebulo, litafunda nsalu yoluka ya ulusi wofiira, yolendewera mbali zonse. Ndinaluka ndine. Kwathu chinthu chamtengo sichikhala chosafunda, wailesi timaifundika, kabati timaiyalira. Nanga chinthu chodyetsa adzukulu anga ndikanachisiyira fumbi la mumsewu? Tsiku limene anabwera wokonza uja, mwana wanga anali ataipinda nsaluyo n'kuiika pambali kuti mlendo agwire bwino ntchito, ndiye sanaione n'komwe.

“Amayi, musagwire, mundichotsetsa ntchito.”

“Akuchotsa kale, tandisiya.”

Ndinalowetsa dzanja kunsi kwa nsalu, monga muja tichitira pachipumi pa mwana. Ngati simbi yositira.

“Abwana, wodwala wanuyu ali ndi malungo.”

“Agogo, kagulitseni mtedza. Izi n'za anthu a sukulu.”

“Tagwirani nokha, bambo. Dzanja silifuna satifiketi.”

Anagwira, nabweza dzanja msanga. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti wokonza uja akabwera abwere masana. Wodwala wotentha masana sumuonetsa kwa dokotala m'mawa ali kuseka.

Anabwera Lachisanu dzuwa likuswa mtengo. Anavundukula nsalu, namasula bokosi. Kumbuyo kwake kunali kafani kopemerera mphepo, koma kanali katamatidwa ndi fumbi losakanikira ndi ubweya wofiira. Anakakankha ndi chala, kanangogwedezeka pang'ono n'kuima.

“Waluka ichi ndani?”

Mwana wanga anayang'ana pansi. Akanatha kundibisa, ndipo ndinaona kuti akufuna kutero.

“Ndine,” ndinatero.

“Mwaluka bwino, amayi. Koma mwachitseka mphuno. Chikatentha kwambiri chimadzizimitsa chokha kuti chisapse.”

“Ndiye chili ndi nzeru kuposa ife tonse muno.”

Wokonza uja anaseka, koma ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Anapukuta m'kati monse ndi kaburashi, naika kafani kena, nalikokera bokosi poyera kuti lizipitidwa mphepo. Sanathamangire minibasi tsiku limenelo. Anakhala pa benchi kumatafuna mtedza wanga, mwana wanga akutaipa kalata ndi kalata. Mthunzi unafika pa sitepe yachiwiri, yachitatu, mpaka unagwera mumsewu. Galasi lili gwaa, osaphethira.

Loweruka tinafika mitima ili m'mwamba. Abwana anali anthu aja osatha kunena kuti pepa. Anazungulirazungulira, nafunsa za mvula ya ku Mkanda, nadandaula za mtengo wa mapepala. Poweruka anatulutsa makiyi a sitolo m'thumba n'kuwaika pa tebulo la mwana wanga.

“Lolemba ndipita ku maliro. Udzatsegule ndiwe, ndipo usachedwe.”