Dzina Limene Ndinawonjezera

Ndinanamiza munthu wosaona, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima. Ndimasamalira a Desai ku Manassas ku America, mmwenye wokulira ku Limbe. Ine wa sukulu ya kwacha, ndine ndimawawerengera nkhani za masewera a kiriketi pa foni.

Timu yawo italengeza osewera amene yawasunga, dzina la woponya mpira wokalamba amene amamukonda panalibe. Anali atamutaya kuti akagulitsidwe pa okushoni. Ndinaopa kuwauza, choncho ndinalitchula ngati lilipo.

Anaseka. "A Banda, mayina enawo mumapunthwa nawo onse. Ili lokha mwalitchula bwinobwino. Amuchotsa eti?"

Ndinavomera.

"Musadandaule. Tsiku la okushoni mudzakhale pafupi, koma mudzandiwerengere zoona. Ameneyo wina amugula, mkono wake sunafe."