Timawu Tating'ono Tam'munsi mwa Tsamba

Lolemba lapitali foni yanga inalira ndili pa kabaza, ndikuchokera kumsika wa pa Boma. Anali azakhali anga, aNangozo a ku Manjawira. Ndi moni yemwe sanapereke.

"Ngozo, Baibulo mwandigulirali ndi la mpingo wanji? Bwerani mudzatenge katundu wanu."

Ha! Ine ndimadikira zikomo. Maso awo afooka, ndiye mwezi watha ndinawagulira la zilembo zikuluzikulu, la Chichewa cha masiku ano.

Kutacha ndinakwera minibasi. Ndinawapeza pakhonde akusankha kachewere wokagulitsa kumsewu, Baibulo lili pampando. Anali atatsekula pa nkhani ya mayi uja anagwidwa akuchita chigololo, amene anthu ankafuna kumuponya miyala koma Yesu n'kumuleka apite. Chala chawo chinatsetsereka mpaka pansi pa tsamba. Pamenepo panali timawu tating'ono tonena kuti nkhani imeneyi mulibe m'mipukutu yakale kwambiri.

Andilola kuti ndikuuzeni ichi. Azakhali anatenga mimba ali mtsikana, asanakwatiwe. Mpingo unawadula, bambo awo anawapirikitsa pakhomo, mwini mimbayo n'kuthawira ku Joni. Chimene chinawabwezera m'tchalitchi ndi nkhani yomweyi.

"Zaka makumi anayi ndatsamira pa mawu amenewa," anatero. "Lero mukuti wina anangowasomekamo? Ndiye kuti ine sindinakhululukidwe?"

Ndinachita mantha, abale. Bodza linafika mpaka pamlomo: ndingonena kuti osindikiza analakwitsa, nkhani ithere pompo. Si mmene timachitira ambirife? Mwana akafunsa kuti Baibulo analemba liti, timamukalipira kuti akuyamba nzeru za satana. Ena mwa ife timaganiza kuti linagwa kumwamba lili kale m'Chichewa, ndi chikuto cha zipi chomwe.

Koma kunamiza munthu amene anandibereka kumsana ndinalephera. Ndinakhala pansi n'kuwauza zochepa zimene ndinawerengapo.

Ndinati: Zakhali, mapepala enieni amene atumwi analembapo palibe amene ali nawo. Anatha kalekale. Akatswiri ambiri amati makalata a Paulo ndiwo anayamba, patapita zaka ngati makumi awiri Yesu atapachikidwa, ndipo Mauthenga Abwino anadza pambuyo pake. Kuchokera pamenepo, kwa zaka zoposa chikwi, kunalibe makina osindikizira. Munthu ankakhala pansi n'kumakopera ndi dzanja, chilembo chimodzichimodzi, wina n'kudzakopera kwa iyeyo.

"Nanga amadziwa bwanji kuti ili ndi lakale, ili ndi latsopano?"

Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe akaona kalata amazindikira dzanja la munthu amene anaphunzira nthawi ya atsamunda, zilembo zopendekera zija, kusiyana ndi la ana a lero. Akatswiri nawo amayang'ana kalembedwe ndi mtundu wa pepala. Amatha kuphonya ndi zaka makumi angapo, ndipo amatsutsana, koma sangolota ayi.

Ndikulankhula choncho, inenso ndinazizwa. Taganizani. Ku Iguputo kunapezeka kachidutswa ka Uthenga wa Yohane kosadzaza n'chikhatho chomwe, kakale kuposa mafuko athu onse kuno. Mawu ali pamenepo ndi omwewo timawerenga ku Nsipe Lamulungu m'mawa. Anthu amene sitidzawadziwa mayina, ena akusakidwa ngati nyama, anawerama mpaka msana kupindika kuti mawu afike kwa mayi wogulitsa kachewere ku Manjawira. Ife uthenga wamaliro ukangodutsa pakamwa pa anthu atatu, womwalirayo wasintha kale dzina!

Kulakwitsa analakwitsa ndithu, anali anthu. Wina anadumpha mzere, wina anawonjezera liwu. Koma popeza mipukutu ndi yambirimbiri, yochokera m'mayiko osiyana, akaiyala pamodzi cholakwa cha uyu chimaonekera pa uyo. Mutu umodzi susenza denga.

"Musandizunguze," anadula azakhali. "Za mayi wanga wa m'nkhani uja bwanji?"

Ndinawauza mosabisa. M'mipukutu yakale kwambiri nkhaniyi mulibedi. Ikuoneka kuti inkayenda pakamwa pa Akhristu, kenaka okopera anayamba kuilowetsa. Ena anaiika pomwe ilipa m'kati mwa Yohane, ena kumapeto kwa Yohane, ena mpaka mu Luka.

"Inachitikadi?"

"Sindikudziwa, Zakhali. Alipo ophunzira amene amati ndi yakale zedi ndipo ikufanana ndi mtima wa Yesu. Koma woti angalumbire palibe."

Anayamba kutembenuza kachewere mmodzi m'manja. Ine n'kumati basi ndaphwanya chinthu chimene sindingathe kuchiumbanso.

Kenaka anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

"Ndiye kuti nayonso inasowa pokhala ngati ine? Uku aikana, uku ailandira, koma anthu osalola kuti igone panja?"

Mabuku onse ndinawerenga aja sanandiuzepo zimenezo.

Chandizizwitsa sabata yonseyi ndi ichi: amene anaika timawu tija akanatha kubisa. Ndani akanadziwa kuno? Koma anasankha kunena kuti apa tikukayika. Wogulitsa amene amakuonetsa yekha mbatata yoola m'thumba, suyamba kumukhulupirira pa zotsalazo? Nanga ife tikamabisira anthu athu mbiri ya buku lawo lomwe, timateteza Mulungu kapena mantha athu?

Tsiku lija ndikutsanzika ndinatambasula dzanja kuti nditenge katundu wanga uja. Anandimenya padzanja.

"Siyani. Lachinayi ndine ndikuwerenga kumsonkhano wa amayi. Kuli kamtsikana kena katenga mimba, ndipo amayi anola kale pakamwa."

"Muwerenga nkhani yomweyi?"

"Yomweyi. Ndi timawu tam'munsito tomwe, mokweza. Kasadzakumane nato kali kokha, patapita zaka makumi anayi."