Eyakoni ya a Nambewe

A Elinata Mbewe, amene tonse timawatchula kuti a Nambewe, ndi anansi anga pa boma pa Chadiza. Anabadwira ku Zemba. Zaka makumi atatu anagwira ntchito pa kiliniki ya ku Pembamoyo: kukolopa, kuwiritsa zitsulo, kugwirizira botolo la dilipi namwino akasowa polikoleka. Sukulu sanapite nayo patali, koma maso awo saphonya kanthu.

Amuna awo, a Yoweli, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Satha kudzitembenuza pabedi, ndipo mawu amatuluka movutikira. Okutobala atafika, malata akuthetheka ndi dzuwa, thukuta linawatulutsa zilonda kumsana. A Nambewe anagulitsa matumba a mtedza, mwana wawo Chipiliro anawonjezerapo, nagula eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, pa sitolo ina ku Chipata.

Amisiri awiri anabwera Loweruka kudzayiika. A Nambewe anawaphera tambala, natulutsa thobwa. Kwathu kuno mlendo sumuimirira kumsana ngati kapitawo, choncho anawasiya okha ndi ntchito yawo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anyamatawo atakhuta anati zatheka, zidzagwira magetsi akayaka. A Nambewe anawamangira mtedza m'kathumba, nawaperekeza mpaka kumsewu.

Magetsi atayaka, mphepo yozizira inabweradi. Inabwera ndi madzi. Anatsetsereka pakhoma, kenako n'kumadontha papilo ya a Yoweli. Makina anazimitsidwa.

Pafoni a kusitolo anati, "Tibwera Lachiwiri, amayi." Lachiwiri anati galimoto yafa. Pambuyo pake foni inkangolira. Masabata awiri anatha, zilonda zikukula.

Tsiku lina m'mawa a Nambewe anandiitana pampanda.

"A Sakala, tadzandigwirirani makwerero."

"Mukwera ndinu?"

"Nanga mukwera inu ndi mawondo amenewo?"

Ndinagwira. Anakwera, nayang'ana nthawi yaitali, chala chikulondola kapaipi kotulutsa madzi. Amisiri aja anali ataboola khoma pamwamba, moti paipiyo inkachita kukwera potuluka panja.

"Ooh," anatero. "Botolo la dilipi ukalitsitsa pansi pa mkono, madzi salowa, amabwerera. Anadya tambala wanga anthu osadziwa kuti madzi amatsata kutsika!"

Anatumiza mawu kwa mlamu wawo Petulo, mng'ono wa a Yoweli, womanga nyumba. Anabwera panjinga ndi hamala ndi tchizulo.

"Alamu, ndiboole khoma labwinobwino? Nanga likagwa?"

"Makoma ako angati anagwa okha osawaboola? Boola apa."

"Inetu sindine wamagetsi."

"Ndani wakutuma zamagetsi? Ndakutuma dzenje. Ngakhale mbewa imalitha."

Petulo anaboola akuseka, m'munsi mwa bowo lakale, pamene a Nambewe analemba ndi khala. Anatsitsa paipi, natseka bowo lakale ndi simenti. Ine ntchito yanga inali kuima panja ndi beseni n'kunena chimene ndaona.

Cha m'ma thuu koloko magetsi anayaka. Ndinadikira. Dontho loyamba linagwa m'beseni, lachiwiri, kenako kamzere. Nkhuku zinathamangira kudzaona.

"Atuluka," ndinatero.

"Kwezani mawu, a Sakala, si maliro!"

Tinalowa m'chipinda tonse atatu, n'kukhala pamphasa. Khoma linali louma. A Nambewe anawatembenuza amuna awo, nawapukuta kumsana. Palibe anafuna kutuluka. Petulo anaiwala kuti ali ndi ntchito ina ku Zingalume.

Patapita kanthawi a Yoweli anagwedeza dzanja lamoyo lija. A Nambewe anawerama kuti amve.

"Amake Chipiliro," anatero pang'onopang'ono, "bulangete."

Petulo anagwa chagada ndi phwete. A Nambewe anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje, natsegula sutikesi ya zofunda za mu Juni. Sabata isanathe zilonda zinayamba kuuma.