Kakadi ka pa Mlatho

Mumsewumo aliyense ankawatcha a Felemu, ndipo iwo ankayankha bwinobwino. Shopu yawo inali pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Ntchito yawo inali kudula galasi, kumata zithunzi pa katoni yolimba ndi kukhoma mafelemu. Mowa ayi, mpira ayi, fodya ayi. Koma musafulumire kuwayamikira, matenda awo anali nawo, ndipo ankawasungira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu.

Matendawo anali masewera a nkhondo zamakedzana, aja obwera m'mabokosi. Ukatsegula umapezamo mapu aakulu opinda, madayisi awiri, kabuku ka malamulo, ndi timakadi mazanamazana tating'ono ngati chikhadabo. Kakadi kalikonse ndi gulu la asilikali, ena apakavalo, ena amizinga. Mabokosi atsopano a Felemu ankangowayang'ana ndi maso, mtengo wake unali wosayamba. Iwo ankagula kwa mkulu wina wogulitsa zakale kuseri kwa depoti ya basi, amene ankatolera katundu m'nyumba za anthu osamuka ndi omwalira. Mabokosi ake ankanunkha chinyezi ndipo anali otchipa zedi pa chifukwa chimodzi: palibe limene linali lokwanira.

Zimenezo a Felemu sizinkawadetsa nkhawa. M'dilowa yapansi munali zithunzi zambirimbiri zimene eni ake anazisiya kuti ziikidwe m'felemu koma osabweranso, zomatidwa kale pa katoni. Kakadi kakasowa, ankasolola chithunzi chimodzi, n'kuchigoneka chafufumimba osachiyang'ana n'komwe, n'kulemba mizere ndi rula kumsana kwake koyerako, kudula, n'kujambulapo kavalo kapena mzinga. Kutaya katoni yabwino kunkawapweteka mtima.

Mdani wawo wa Loweruka lililonse masana anali mlamu wawo, mchimwene wa malemu mkazi wawo, amene anapuma ntchito ku positi. Anali munthu wapakamwa.

"Alamu, lero ndakubweretserani mpango wopukutira misozi," ankatero akulowa.

"Usungeni, muufuna pobwerera," ankayankha a Felemu.

Lamulo la masewerawo linali losavuta. Kakadi kakamenyedwa koyamba umakatembenuza, ndiye kuti kavulala. Kakamenyedwa kachiwiri umakachotsa pamapu n'kukaponya m'chivundikiro cha bokosi. Chivundikirocho mlamu ankachitcha kumanda.

Loweruka lina mlamu anatembenuza kakadi kamodzi ka a Felemu n'kuphulika kuseka. Kuseri kwa kakadiko kunali ndevu zapamlomo ndi dzino lagolide.

"Aa, si a butchala awa? Mwawalemba liti usilikali?"

Anaseka onse, ndipo pasanathe ola a butchala anali m'chivundikiro. Lachitatu lake a butchala enieniwo anagwa m'butchala mwawo mpeni uli m'manja, osadzukanso. A Felemu anapita kumaliro n'kudziuza kuti munthuyo anali ndi BP kuyambira kale. Patapita miyezi iwiri m'chivundikiromo munalowa kakadi ka magalasi a maso okhuthala. Anali a mphunzitsi wina wopuma ntchito wa kumapeto kwa msewu. Sabata isanathe, pakhomo pa aphunzitsiwo panali patakhomedwa tenti. Apa ndiye palibe anaseka, komanso palibe anatchula kanthu. Amuna akuluakulu awiri, aliyense kuopa kuti mnzake amunena kuti ndi wamantha, anangopitiriza kusewera. Uchitsiru wake unali pamenepo.

Kenako linafika bokosi la nkhondo ina yomenyanirana mlatho. A Felemu anasiya gulu limodzi la apakavalo pamlathopo, ndipo mlamu analizinga mbali zonse n'kulimenya koyamba. A Felemu anatembenuza kakadiko. Panali khutu lamanzere long'ambika pang'ono kunsi, pamene ndolo inakodwa m'juzi. Linali khutu la mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Chithunzi chake cha kusukulu chinali chitasokonekera m'dilowa ija.

Mlamu anali atanyamula kale madayisi kuti amenye kachiwiri. A Felemu anawagwira dzanja mwamphamvu mpaka wotchi inaduka lamba.

"Musaponye!"

Mlamu anawerama n'kuliona khutulo. "Ndiye tingokachotsapo, alamu. Tidule kena."

"Kakachoka pamapu kapita kuti? A butchala aja sanachoke pamapu?"

A Felemu anabwezera kakadiko chafufumimba, kavalo pamwamba, chifukwa khutulo sakanatha kumaliyang'ana. Tsiku lomwelo anadula galasi lalikulu, n'kulikhomera felemu yokwera pang'ono kuti lisakhudze kakadi ngakhale kamodzi, n'kuvundikira tebulo lonse. Madayisi anawatsekera m'dilowa. Zithunzi zotsala zija anaziika m'mafelemu n'kuyenda nazo khomo ndi khomo kufunafuna eni ake.

Tebulolo linakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Mabokosi otchipa sanasiye kugula, koma timakadi tosowa ankatidula pa katoni ya nsapato, ndipo ankasewerera pa kauntala. M'mawa uliwonse asanatsegule shopu ankalowa kuseri kukaona mlatho. Telala akayatsa makina ake khoma n'kumanjenjemera, iwo ankathamanga kukagwira tebulo ndi manja awiri. Mwana akatsokomola, mtima wawo unkalumpha. Tsiku lina m'chaka choyambacho anapeza kakadiko katapendekera pang'ono, ndipo kavaloyo ankaoneka wonenepa kuposa mmene anamujambulira. Galasi linali m'malo mwake. Sanakakhudze, sanauzenso munthu, koma masanawo anadzicheka chala kawiri.

Mwanayo anakula, anaphunzira unamwino, anakwatiwa. Tsopano anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mwezi womwewo ndi umene mwini nyumba anabwera kudzanena kuti kachipinda ka kuseri akagumula, akufuna kumangapo malo oimika magalimoto. A Felemu anayeza chitseko, n'kuyeza tebulo, n'kuyezanso chitseko. Tebulo silikanatuluka osalipendeketsa, ndipo kulipendeketsa kunali kukokolola timakadi tonse. Anasiya kudya bwino. Lamba anamuboola bowo lina.

Loweruka masana mwanayo anatulukira kushopu, mimba patsogolo, malume ake aja akutsatira ndi ndodo.

"Bambo, amalume akuti mukuonda chifukwa cha tebulo. Ndiuzeni, chikuchitika n'chiyani?"

A Felemu anawayang'ana mlamu awo ndi diso loipa, koma mphamvu zobisa zinali zitawathera. Anatsegula kachipindako n'kufotokoza zonse: a butchala, aphunzitsi, mlatho, khutu.

Mwanayo anaseka mpaka kugwira mimba. "Ayi bambo, mwandipha! Zaka zonsezi? Inu amalume, nanunso munavomereza zimenezi?"

Anatsegula kachikwama kake, n'kupisa kuseri kwa chiphaso cha kuntchito, n'kutulutsa kakadi kothetheka m'mbali. Khutu lija linali pamenepo.

"Ndinalowa muno tsiku lina kufuna sizasi, kiyi munamusiya pamsomali. Ndinakweza galasi n'kumatembenuza timakadi, basi kuona khutu langa! Mukudziwa mmene linkandichititsira manyazi. Ndinakwiya, ndinakatenga. Kuti musazindikire ndinadula kena n'kujambulapo kavalo."

"Unadula pa chiyani?" anafunsa mlamu, mawu atatsika.

"Pa chithunzi cha bambo, chija chinali kuseri kwa chitseko. Ndinati nawonso alawe."

A Felemu anakweza galasi n'kuliimika pakhoma. Anatola kakadi ka pamlatho n'kukatembenuza. Diso linawayang'ana, pamwamba pake pali chipsera cha galasi limene linawacheka ali achinyamata. Anakhala pampando pang'onopang'ono. Mantha ayi, chimene anamva chinali chimwemwe, chimwemwe chenicheni chotulutsa misozi. Mwana wawo sanali pamlatho. Zaka zonsezi wozingidwayo anali iwo, ndipo zimenezo sizinawavute n'komwe.

Anabwezera kakadiko pamalo pake, diso pamwamba. Anatsegula dilowa n'kutulutsa madayisi, achikasu ndi ukalamba, n'kuwaika m'manja mwa mlamu.

"Alamu, inali nthawi yanu. Ponyani timalize, anthu agumule chipinda chawo."

Mlamu anayang'ana madayisi, n'kuyang'ana diso lija. Dzanja lawo linayamba kugwedezeka, kaya ndi ukalamba, kaya ankawakhutchumula kuti aponye, palibe akudziwa. Madayisiwo analira kamodzi m'chikhatho.

"Amalume, ayi!"

Mwanayo anali atawagwira dzanja, zikhadabo zitalowa m'khungu. Kuseka konse kuja kunali kutatha.

"Si iwe umatiseka pompano?" anatero a Felemu. "Ndi katoni chabe, mwanawe."

"Ndikudziwa kuti ndi katoni."

Anawalanda madayisiwo limodzilimodzi n'kuwaika m'kachikwama, pamodzi ndi khutu lija, n'kutseka zipi. Kenako anauza malume ake kuti agwire mbali ina ya galasi, ndipo analibwezera patebulo mosamala, onse atagwira mpweya.

"Tebulo ili lituluka lili chiimire, lipita kwathu," anatero. "Ngati chitseko chachepa, tigumula khoma ndife, asanabwere iwowo. Bambo, tepi yoyezera mwaiika pati?"