Nyimbo za Bambo Ndinazisiya Pamwamba pa Nsanja

Ndikulemba izi pang'onopang'ono, chala chili pamzere, chifukwa ndikangodukiza ndimaiwala pomwe ndalekeza. Inu owerenga, ine ndinalakwitsa kawiri. Ndinanyozera chikwangwani cha chenjezo, ndiponso ndinaumira chinthu chomwe sichinali changa ndekha.

Kwathu ndi kufupi ndi Tsangano. Bambo anga ndiwo ankayambitsa nyimbo pa gule wa ngoma m'mudzi mwathu, ndipo mwa ana awo onse anasankha ine kuti andiphunzitse. Nyimbozo ndi za m'Chingoni. Tanthauzo lake ngakhale bambowo ankangolidziwa patalipatali. Tinkangoziloweza momwe zilili, liwu ndi liwu, moti ukataya liwu limodzi palibe poti n'kuliganizira. Ine mutu unali wakuthwa, ndipo ndinkayenda nawo mothimbwidzika. Mwana wanga wamkazi, Tiyamike, anandipempha kangapo kuti andijambule pafoni ndikuyimba. Ndinkamuseka. "Za makolo sizikhala m'kabokosi, mwanawe. Zimakhala muno," ndinkatero uku ndikugogoda pachipumi. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti aliyense akazidziwa, pabwalo sadzandifunanso.

Kenako ndinapeza ntchito ya ulonda pa nsanja ya netiweki ya mafoni, paphiri lina chakwathu konko. Inali ntchito yosungulumwitsa. Tsiku lonse tinkakhala ine, jenereta ndi akhwangwala. Pampanda panali chikwangwani chachikasu choletsa kukwera. Amisiri akabwera kudzakonza zinthu ankayamba azimitsa makina asanakwere, ndipo mmodzi wa iwo anandichenjeza maso ndi maso. "Achimwene, pansi pano palibe vuto. Koma kutsogolo kwa mapanelo ndi zimbale zoyera zija musayerekeze. Mumatuluka mafunde osaoneka, achibale ake a aja otenthetsera chakudya m'mayikulowevu." Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Amene anakhalapo ku Tsangano mwezi wa Juni akuchidziwa chisanu chakumeneko. Chifunga chimatha kukakamira mpaka masana. M'mawa wina mphepo inakoleka jumbo pachimbale china, ine n'kukwera kukaichotsa. Nditafika kutsogolo kwa mapanelo ndinamva kufunda kumaso ndi m'makutu ngati ndaima pakadzuwa. Pansi mano ankagundana, koma kumwambako kunali bwino, ndipo chifunga chikang'ambika ndinkaona minda ya mbatata mpaka ku Mozambiki. Basi, ndinapapanga pokhala. Ndinkadzimangirira ndi chingwe, kuyandikiza mutu pa panelo, n'kumadziyimbira nyimbo za bambo mpaka dzuwa litakwera. Ndinachita zimenezi nyengo zozizira zitatu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Zinayamba ndi mutu wowawa ndi kulira kwa m'makutu. Ndinkangomwa panado. Tsiku lina ndinasiya njinga kumsika n'kubwerera kunyumba wapansi. Tsiku linanso akazi anga anandituma mankhwala opopera mbatata, ine n'kukaima m'sitolo osadziwa chomwe ndadzera. "Abambo a Tiyamike, kodi kuphiriko mwayamba kusuta chiyani?" anandifunsa akuseka. Nanenso ndinaseka, koma mumtima munali mantha. Za kukwera kuja sindinauze munthu. Ntchito nayo inatha nditaiwala kawiri kunena kuti mafuta a jenereta atha.

Chaka chomwecho bambo anadwala. Ali pamphasa anandigwira dzanja n'kundikumbutsa nyimbo ija inaperekeza agogo kumanda, yomwe ankaidziwa ndi iwo ndi ine basi. Anati iwonso ndidzawaperekeze nayo. Ndinalonjeza. Ndikanatha kuwapempha kuti andibwerezere pomwepo, popeza ndinali nditayamba kale kuphonya mawu, koma manyazi anandimanga pakamwa.

Bambo atamwalira, tsiku la maliro amuna anandanda ndi zishango zawo, amayi atakonzeka kuwomba m'manja. Ndinapita patsogolo, ndinakweza chibonga, ndinaponda pansi, n'kutsegula pakamwa. Panalibe kanthu. Kayimbidwe kake ndinkakamva m'mutu, koma mawu onse anali atachoka. Ndinapondanso kachiwiri. Amalume anandinong'oneza kuti, "Yambatu, mphwanga, anthu akudikira." Ndinangoima, chibonga chili m'mwamba, mpaka amayi a kwaya ya kumpingo anayambitsa nyimbo yawo pofuna kundiphimba manyazi. Bambo anapita kumanda popanda nyimbo yomwe anandipempha.

Pambuyo pake Tiyamike ananditengera kuchipatala, ndipo kumeneko ndi komwe ndinaulula zonse. Adokotala sanandinamize. Anati zoiwalitsa munthu n'zambiri, monga kuthamanga kwa magazi, mowa, maganizo ndi ukalamba, ndipo sangatsimikize kuti changa chachokera ku mafundewo, chifukwa ofufuza akadali kufufuza zomwe mafundewo angachite ku ubongo. Koma anatinso malo omwe ndinkaikako mutuwo sanaletsedwe pachabe, ndipo mutu utangoyamba kuwawa ndinayenera kubwera. Mpaka lero sindidziwa ngati ndi nsanja ija. Chomwe ndidziwa n'chakuti ndinkakwera ndekha, palibe anandituma.

Masiku ano akazi anga akapita kumsika amandisiyira kapepala pachitseko kondikumbutsa zochita. Ndimakhala pakhonde tsiku lonse. Anzanga akale amandipatsa moni ali pamsewu, osakhota, chifukwa akuti ndimabwereza nkhani imodzimodzi. Sindiwaimba mlandu. Ngoma imavinidwabe, koma ndi nyimbo zochepa zomwe aliyense amazidziwa, ndipo ndikamva kuponda kwake ndimalowa m'nyumba. Kusungulumwa kwa kuphiri kuja kunali bwino, chifukwa ndinali ndi nyimbo zondicheza nazo.

Inu owerenga, chikwangwani chachikasu musamakangane nacho. Chinthu sichikhala chabwino chifukwa choti sichioneka kapena chikufunda. Mutu ukayamba zachilendo, nenani msanga, musabise. Ndipo ngati pali chomwe makolo anakusungitsani, chiperekeni kwa ena lero mutu ukadali wanu.

Mwezi watha Tiyamike anabwera ndi foni yake ija. Ulendo uno ndinachita kumupempha ndine kuti andijambule. Tinakhala pakhonde, ndinatsinzina, n'kuyesa nyimbo ya bambo. Atandiyikira kuti ndimvere, munali mphepo, nkhuku ikulira chapatali, ndi munthu wachikulire akung'ung'udza popanda liwu ndi limodzi lomwe. Anandifunsa ngati afufute. Ndinamuuza kuti asunge, chifukwa ndi zokhazo zomwe ndingamusiyire.