Rula Yaitali ya a Nampinga

A Alufeyo Nampinga ndinagwira nawo ntchito miyezi inayi yokha, koma inandikwanira kuwachotsetsa pa ntchito imene anaigwira zaka makumi atatu. Ndanena zimenezi poyambirira kuti wina asaganize kuti wolembayu anali bwenzi lawo.

Ndinafika ku Mulanje mu Okutobala 1978. Kwathu ndi ku Chonde, koma bambo ananditengera ku Halale ndili wamng'ono, ndipo tinabwerera nkhondo itakula kumeneko. Ndinabwera ndi setifiketi ya zosunga katundu, buluku lotambalala m'munsi limene ndinalibisa pansi pa sutikesi nditamva kuti kuno ndi loletsedwa, komanso mtima woti dziko lino lili m'tulo ndipo wolidzutsa ndine. Esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Chitakale inandilemba ukalaliki wa ku wekishopu. Sabata isanathe anali atanditcha kale a Halale, chifukwa pakamwa panga sipankachoka mawu oti "kumene ndinali ine".

A Nampinga anali ndi kachipinda kawokawo kumapeto kwa wekishopuyo, konunkhira mkungudza. Ntchito yawo inali iyi: chitsulo cha makina chikathyoka, kuitanitsa china kunja kunkatenga miyezi, ndiye iwo ankasema chofanana nacho, chimene amati pateni. Zina ankasema ndi mkungudza, zina ndi aluminiyamu, ndipo m'zaka zomalizirazi anazolowera pulasitiki wamadzi wa m'zitini, amene akauma amapalidwa ndi tupa. Lole inkapita nayo pateniyo ku Blantyre kwa osungunula zitsulo. Kumeneko ankaidinda mu mchenga wonyowa, kuizula, n'kuthira chitsulo chamoto m'dzenje lotsalalo.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono pa nthawi yopuma, akusenda chinangwa chophika. Anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, dziko la Apwitikizi, ndipo anaoloka ali kumsana kwa mayi awo amene ankathawa chikoti cha m'minda ya thonje. Chikalata chosonyeza komwe anabadwira analibe. Anayamba ndi kupalira tiyi, kenako kusesa mu wekishopu, mpaka mmisiri wina Mgowa, mtundu wina wa amwenye, wokalamba ndi wachifuwa, anaona kuti wosesayo amatola tizidutswa n'kumatisema. Zaka zisanu ndi ziwiri Mgowayo ankangowapatsa zosalaza. Pochoka anawasiyira tchizulo zinayi ndi rula yamtengo ya mkuwa kunsonga. Kuwerenga nyuzipepala kunkawavuta, koma chojambula cha makina ankachiwerenga ngati kalata ya m'bale wawo. Anakwatira a Estele, otchola tiyi, ndipo ana awo onse anabadwira m'nyumba ya kampani ku malayini.

Anali munthu wanthabwala zouma. Pateni yawo iliyonse inkakhala yopendekera pang'ono m'mbali, kuti izuke bwino mu mchenga. Nditafunsa chifukwa chake anati, "Choongoka kwambiri chimagumula nyumba potuluka, a Halale. Ngakhale mkamwini."

Mu Disembala kunabwera kalata yoti miyeso yonse ya m'fakitale ikhale ya mamita, ndipo marula a mainchesi atoleredwe. Injiniya wakale anali atamaliza kontirakiti yake, watsopano ankayembekezeka itapita Pasaka. Manijala anali mzungu wodziwa kulawa tiyi, koma za zitsulo ayi ndithu. Kalatayo inagwera pa tebulo langa, ndipo ndinailandira ngati ndalandira ufumu. Ndinatolera marula onse, n'kumawayerekeza ndi yanga yatsopano yachitsulo. Ya a Nampinga inali yaitali. Pa fiti iliyonse inkapitirira pang'ono, kuposa kunenepa kwa kamtengo ka machesi.

"Madala, rula yanuyi ndi yabodza," ndinatero.

"Yanamiza ndani?"

"Ndi yaitali. Taonani nokha."

"Ndaiona zaka makumi atatu. Anaipanga yaitali dala. Chitsulo chikamazizira chimakwinyika. Mukachikumbira dzenje longokwana ndendende, chimatuluka chochepa."

Ndinaseka. "Ndiye chitsulo chasanduka malaya a kaki, oti akachapidwa afupike?"

"Eya. Mwamva msanga, sukulu ya ku Halale ndi yabwino."

Kuti kutentha kumafufumitsa chitsulo ndinaziphunzirapo ndithu, koma ndinkayesa ndi zinthu zazing'ono zongolembera mayeso. Chimene ndinkaona patsogolo panga chinali kamtengo kakuda ndi thukuta, ndi nkhalamba yoikira kumbuyo chinthu chake. Ndinaiponya m'bokosi pamodzi ndi zinzake, n'kuwapatsa yatsopano. Anaitembenuza uku ndi uku.

Mu Januwale, mvula ili pakati, tiyi akuphuka moti otchola sankamukwanitsa, gudumu lalikulu la mano la makina opotera tiyi linang'aluka. Linali lalikulu ngati thayala la lole. A Nampinga anatseka chitseko chawo masiku asanu ndi atatu. Thupi la gudumu anasema ndi mkungudza, mano anaumba ndi pulasitiki, lililonse kulipala palokha. Popeza rula yawo inali m'bokosi mwanga, zowonjezera zija anaziwerengera m'mutu, n'kumazilemba ndi pensulo pa khoma.

Nthawi imeneyo n'kuti nditayambitsa fomu yanga yoti chilichonse chisanakwere lole ndiyambe ndachiyeza n'kusayina. Palibe anandituma. Ndinayeza pateniyo moyerekeza ndi chojambula cha eni makina, ndipo inapitirira ndi mamilimita asanu ndi anayi. Ndinakana kusayina.

Tinatsutsana pabwalo, lole ikulira, anthu atatizungulira. Apa m'pamene anafika a Lackson, kapitawo wa madalaivala, amenenso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani pa esitetipo.

"Chavuta n'chiyani, lole yaima chifukwa chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti tasiyana maganizo pa za chitsulo. Koma ndinkafuna kupambana msanga, anthu akuona. Ndinati, "Madalawa akukana muyeso watsopano."

A Lackson anavula magalasi awo akuda. "Muyeso wa boma? A Nampinga, kapena inu mukuyendera wa kwanu kwa Apwitikizi? Tiuzeni bwino. Muloza sanadzaze kwenikweni, munthu atha kuoloka."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi, pakuti theka la anthu a pabwalopo makolo awo anaoloka mtsinje womwewo. Ine ndinali mlendo pa zimenezi. Sindinkadziwa kuti masiku amenewo mawu oti "akukana za boma" sankasowa umboni, ndiponso kuti kwa munthu wopanda chikalata, wa ana ndi adzukulu m'nyumba ya kampani, mawuwo ndi olemera kuposa gudumu. A Nampinga anavula chipewa.

"Sindikukana ayi, a tcheyamani. Ndichepetsa."

Anachotsa mano onse, anapala thupi lija, n'kuumba mano ena. Zinawatengera masiku anayi. Atamaliza anandiitana. "Yezani, a kalaliki." Ndinayeza, zinali ndendende. "Yezaninso." Ndinayezanso, ndipo ndinasayina iwo akuyang'ana dzanja langa.

Gudumu lachitsulo linabwera patatha sabata. Analimanga m'mawa, koma mano ake ankangokhudza nsonga za mano a gudumu linzake. Amakina anati mwina likhazikika likayamba kuzungulira. Linalira ngati nkhumba yophedwa, ndipo isanakwane teni koloko mano atatu anali atathothoka. Pa nthawi yopuma ndinapita ndekha ndi rula yanga yonyezimira ija. Gudumulo linali lochepa ndi mamilimita asanu ndi anayi. Ndinayeza katatu. Sindinganame kuti ndinazindikira patapita zaka. Ndinadziwa masana omwewo, ndili chigwadire pa simenti.

Masamba anafiira m'mosungira, mathirakitala n'kumakawataya kudzala. Otchola anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Manijala anatiitana tonse awiri, a Lackson ataima pakhomo.

"Pateni inali yofanana ndi chojambula?" anafunsa ine.

"Inde, bwana." Sindinaname, ndipo mpaka lero choonadi chimenecho chimandinyansa kuposa bodza.

Anatembenukira kwa a Nampinga. "Nanga chalakwika n'chiyani?"

Anandiyang'ana ine kaye, kundipatsa mpata. Ine maso anali pa nsapato. Kenako anayang'ana kukhomo kuja.

"Kaya, bwana. Mwina maso."

M'mawa mwake, pa mzere wa anthu onse belu litalira, manijala analengeza kuti tiyi watayika chifukwa mmisiri wakalamba ndipo sakuonanso bwino, choncho akapume. Ku malayini azimayi amene anakhala masiku osatchola anapeka kanyimbo konena za agogo osema gudumu la njinga m'malo mwa la fakitale. Ana ankakaimba kuseri kwa nyumba yawo. Patatha masabata awiri anatuluka m'nyumbamo n'kupita ku Thuchila, kwawo kwa a Estele, kukayamba ukamwini ali ndi imvi.

Injiniya watsopano atabwera anaipeza rula ija m'bokosi, n'kuitola mwaulemu ngati watola mpeni wa agogo ake. Anafunsa komwe kuli mwini wake. Ndinati anapuma. Anati n'zachisoni, anthu odziwa kugwiritsa ntchito rula yotere atsala ochepa, basi tiziitanitsa kunja. Ndinavomera ndi mutu.

Mu Juni, chiperoni chili mbuu, ndinakwera basi ya ku Thuchila. Ndinawapeza pansi pa kachisakasa, akupala pateni ya chivundikiro cha poto. Ankasemera anyamata a pamsika amene amasungunula zitsulo za magalimoto akufa n'kuumba mapoto. A Estele ndiwo anayamba kundiona.

"Bambo a Alefa, alendo anu. Aja a rula." Anandiikira mpando kutali ndithu, poti mvula inkadonthera.

Ndinalankhula zambiri. Ndinanena za sukulu, za kusadziwa, za mantha anga ndi a Lackson. A Nampinga sanasiye kupala.

"Gudumu lija linachepa bwanji?" anafunsa.

"Mamilimita asanu ndi anayi, bambo."

"Ndendende?"

"Ndendende."

Anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene wamva kuti mwana wake wakhoza mayeso. Kenako anaika tupa pansi.

"Ntchito sindikuifunanso, mwanangu. Nyumba muli kale anthu ena. Koma manyazi munandichititsira pabwalo, anthu mazana akumva. Lero mwabwera kudzapepesera kuseri kwa khola, mboni ndi nkhuku. Kumsika kuno anyamata akandipatsa ntchito amayamba anong'onezana kaye kuti kodi si aja a maso. Mukanene pa mzere, belu likalira. Musatchule a tcheyamani, musatchule boma. Mungoti gudumu lija ndinachepetsetsa ndine, maso a Nampinga ali bwino. Basi."

"Ndikanena Lolemba."

"Lolemba lake liti?" anatero a Estele ali m'khitchini. "Amachuluka."

Lolemba ndinaima pa mzere, pepala la ntchito za malole lili m'manja, pakuti ndinkawerenga ndine. A Lackson ankayendera makadi a chipani tsiku limenelo. Manijala anaima pafupi nane, injiniya pambali pake. Mawu aja ndinali nditawakonza, afupiafupi. Ndinatsegula pakamwa, n'kuwerenga za malole. Ndinadziuza kuti tsikulo silinali labwino, la makadi. Lolemba lotsatira kunali alendo ochokera ku likulu la kampani. Linalo ndinali ndi chimfine. Mu Ogasiti ndinapeza ntchito ku Blantyre, ndipo pochoka ndinauza anthu kuti Mulanje ndi wochepa kwa munthu wonga ine.

A Nampinga anamwalira mu 1982, nyengo yokolola nandolo. Uthenga unandipeza kudzera mwa Alefa, mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito yosoka ku Limbe. Ndinapita. Kuchokera ku esiteti kunabwera lole yodzaza anthu, ambiri mwa iwo aja anali pabwalo tsiku lija. Pochokera kumanda tinakhala pansi pa mtengo, ndipo a Wilson, mkulu wa amakina, anaimirira kulankhula m'malo mwa anzake. Anayamikira kwambiri. Anati anali mmisiri weniweni, wopanda mnzake m'boma lonse la Mulanje, kungoti ukalamba suona nkhope, maso anawathera pa gudumu lija.

Apo ndinaimirira.

"Pepani, akuluakulu. Sanali maso. Pateni yawo inali yolondola. Ndine ndinawakakamiza kuichepetsa."

Ena anayang'anana, kufunsana kuti mnyamata wa suti ameneyu ndani. A Wilson anandizindikira, n'kundigwira paphewa mokoma mtima.

"Aa, a Halale, mwachita bwino kubwera. Pa maliro tonse timafuna kumuyeretsa mnzathu. Koma gudumu lija tinalimanga ndife, tinaliona. Khalani pansi, abusa apemphere."

Ndinakhala pansi.