Makoko Osauma a mu Julaye

Amene anandilowetsa m'masewera owombera chandamale ndi omwenso anandiipitsira mbiri, ndipo sindinama, mpaka lero ndikawaona kutchalitchi mtima wanga suwafunira zabwino kwenikweni.

Anali mkulu wa mpingo pagulu lathu la Amalawi okhala ku Nairobi, bambo wokonda kulangiza anthu asanafunsidwe. Ine ndinkagwira ntchito ku bungwe lina loona za madzi ku Kawangware, ndikukhala ndekha ku Donholm, ndipo Loweruka linkanditalikira. Tsiku lina titaweruka mapemphero anandiuza kuti, "Chemwali, musamangobindikira m'nyumba. Tiyeni mukaone kalabu yathu." Ndinapita, ndipo masewerawo anandilowa m'magazi.

Kalabuyo ili kunja kwa tauni. Mfuti ndi onga sizituluka pageti, zonse zimatsekeredwa komweko, ndipo makiyi amasunga nkhalamba ina ya ku Kenya konko imene aliyense amangoitcha mzee. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kudzikonzera zipolopolo za pisitolo. Ukawombera, mutu wa chipolopolo umapita koma khoko lake lamkuwa limagwa pansi. Timatola makokowo, kuwayeretsa, kuikamo kachitsulo koyatsa moto, kuyeza onga pasikelo, kenako n'kukhomera mutu watsopano. Ndi ntchito ya munthu wodekha, ndipo ine kudekha ndimatha ndikafuna.

Anzanga ankayeretsa makoko m'makina ogwedeza okhala ndi zitsononkho zosinja. Ine ndinaona ngati ulesi. Ndinkawatsuka m'beseni ndi sopo ndi mandimu monga ndimakwechera mapoto, n'kuwayanika pachiguduli kuseri kwa chipinda chokonzeramo zipolopolo, ine n'kukamwa tiyi. Pobwera ndinkawagwira, ouma, owala mochititsa kaso. Kuyambira Januwale ndinkachita choncho popanda vuto.

Mpikisano wa kalabu unachitika mu Julaye. Pali lamulo loti chipolopolo chako chisachepere liwiro loikika, chifukwa chipolopolo chofooka sichigwedeza dzanja, ndiye mwini wake amalasa mosavuta kuposa anzake. Choncho ukamaliza kuwombera amatenga zipolopolo zako zingapo n'kuziwombera pamakina oyezera liwiro. Zikaperewera, zonse zimene wachita tsikulo amazifufuta.

Tsikulo ndinawombera bwino kuposa kale lonse, mpaka abambo aja ndinawasiya kumbuyo. Koma pamakina zipolopolo zanga zitatu zinaperewera zonse. Mzee anayang'ana makinawo, n'kuyang'ana ine. Amene analankhula ndi mkulu wa mpingo. Anayamba m'Chingerezi kuti aliyense amve, akuseka, kuti tsopano zadziwika chifukwa chake dzanja la mlongo wathu silinjenjemera. Kenako anatembenukira kwa ine m'Chichewa.

"Chemwali, kuchepetsa onga dala n'kuba. Mwatichititsa manyazi Amalawi tonse."

Ndinalongedza zanga n'kuchoka. Mawa lake kutchalitchi abambowo anapempherera "ena mwa ife amene amakonda njira zachidule", ndipo amayi awiri anandiyang'ana cham'mbali. Pamenepo ndinalumbira mumtima kuti dzina la wakuba ndidzalichotsa, ndipo adzalichotsa ndi pakamwa pawo pomwepo.

Masabata atatu otsatira ndinkangokhalira m'chipinda chija. Ndinayesa sikelo ndi kamwala kake koyesera, inali bwino. Ndinaona ngati mitu ndinkaikhomera molobodoka, ayi ndithu. Ndinabwereka mfuti ya mnzanga poganiza kuti mwina yanga yatha, koma liwiro linali lotsika chimodzimodzi. Ndinafika pokayikira makina oyezerawo, mzee n'kuwomberapo zawo, zinakwana. Potsiriza ndinazula mitu ya zipolopolo zimene zinatsala pampikisano kuti ndiyezenso onga. Kulemera kwake kunali kokwanira, koma m'makoko ena onga sunkakhuthuka bwino, unkatuluka timibulu ngati ufa wa m'thumba limene lagona pansi ponyowa.

Mzee ataona zimenezi anatuluka, n'kukatola khoko limodzi pachiguduli changa. Kunja linali louma. Analigogoda pachikhatho, ndipo panagwa kadontho.

"Maji," anatero. "Mama, kwanu kuli dzuwa. Kuno mu Julaye kuli mitambo basi."

Ndinakhala pansi. Kwathu ku Nchalo ukachapa malaya n'kupita kukasamba, pobwera umapeza auma. Ndakula ndikudziwa kuti chinthu ukachiyanika panja ola lathunthu ndiye kuti chauma, ndipo sindinaganizepo zosuzumira m'kati. Chinyezi chotsalira pansi pa khoko n'chimene chinkafooketsa onga wanga.

Mzee anafotokozera anthu, ena anamvetsa. Koma abambo aja anangoti, "Aliyense akagwidwa amapeza nkhani yake," ndipo anthu anasekanso. Ndinaona kuti choonadi pachokha sichindikwanira.

Ndiye Loweruka lina mu Ogasiti, kunja kuli kuzizira, mitambo ili pansipansi, ndinazungulira kuseri kwa chipinda n'kupeza abambo aja atanyonyomala pabeseni, manja ali thovu lokhalokha, mandimu ali pambali. Kani kuwala kwa makoko anga kunkawadya mumtima nthawi yonseyi. Popeza nkhani ya madzi anaitcha bodza pamaso pa anthu, anafika poikhulupirira okha kuti ndi bodza. Anayanika makokowo, n'kupita kukamwa tiyi.

"Mwaswera bwanji, abambo?" ndinatero tikudutsana.

"Ndaswera, chemwali. Kaya inu?"

"Ndaswera bwino kwambiri."

Sindinawonjezere liwu lina. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti onga wonyowa suchepetsa liwiro kokha. Nthawi zina mutu umakakamira m'paipi ya mfuti, ndipo ukawomberanso wina pambuyo pake mfuti imatha kukuphulikira m'manja. Kuvulala sindinkawafunira, ndinkangofuna manyazi awo. Choncho pampikisano wotsatira ndinapempha kuti ndikhale woyang'anira gulu lawo, amene amaima kumbuyo kwa wowombera ndi wotchi. Ndinadziuza kuti khutu langa ndi lakuthwa, ndiwaimitsa nthawi yake. Lero ndimavomera kuti ndinkatchova juga ndi zala za munthu.

Anayamba bwino. Kanayi mfuti inalira ngati mfuti. Kachisanu inangoti phu, ngati munthu watsegula botolo. Iwo, maganizo ali pa kufulumira, anakoka chitsulo cha pamwamba kuti alowetse chipolopolo china n'kuyamba kulozanso chandamale.

"Sitopu!" ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Anaima, chala chitatsala pang'ono kuwombera. Mzee anabwera, anachotsa zipolopolo, n'kulowetsa kamtengo m'paipi. Sikanadutse, mutu unali momwemo. Kenako anatenga zipolopolo zawo zina kupita nazo pamakina, ndipo ziwiri mwa zitatu zinaperewera. Anthu ena anayang'ana ine.

Abambo aja anandiyandikira n'kulankhula motsitsa m'Chichewa.

"Chemwali, mwandipulumutsa dzanja. Koma onga ndinayeza bwinobwino, Mulungu ndi mboni."

"Ine ndikukukhulupirirani, abambo," ndinatero. "Koma anthuwa sakudziwa. Ndikhoza kukuikirani kumbuyo, bola muyambe mwawauza za ine."

Anayang'ana pansi. Kenako anatembenuka n'kunena m'Chingerezi kuti anandinamizira, kuti sindinabepo, ndipo akupepesa. Ndinawauza mwaulemu kuti akumbuyo sanamve chifukwa anali atavala zotseka m'makutu. Anabwereza mokweza. Mawu amenewo anandikomera kuposa chakudya chilichonse chimene ndinadyapo mu Nairobi.

Anthu atabalalika, mzee anandiitanira m'chipinda chija n'kutseka chitseko.

"Mama, munawaona akutsuka makoko aja?"

Ndikanatha kukana, koma ndinali nditangochotsa kumene dzina la wabodza.

"Ndinawaona."

"Ndipo simunanene."

"Sindinanene."

Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kiyi wa kabati yosungiramo zipangizo zanga. Anandiletsa kulowa m'chipindamo miyezi itatu, ndipo nditabwerera sanandiyandikirenso pabenchi kuti tizicheza tikugwira ntchito monga kale. Chimenecho chinandiwawa, chifukwa nkhalambayo ndinkaikonda ngati bambo anga. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikanalankhula pabeseni paja ndikanadziwa kuti mzee adzanditaya. Yankho limene ndimalipeza silindisangalatsa, koma silisintha. Ndikanawapatsa moni yemweyo n'kudutsa.